Tsiku Limene Tinatulutsa Nsalu za Kalizga Padzuwa

Moni kwa inu nonse, abale ndi alongo anga mwa Ambuye, inu amene mumandidziwa ndi inu amene dzina langa mukulimva koyamba. Ine ndine Nyamhone wa ku Chintheche, mkazi wa malemu Kalizga. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu, amene kwathu timamutcha Chiuta, anandipulumutsira ine ndi mwana wanga Tamala. Mwanayo anatsala pang'ono kufa ndi malungo, ine ndinatsala pang'ono kumwetsedwa mwavi, ndipo zonsezi zinachokera malo amodzi m'chipinda chathu chogona, pamene tinkasungira zovala.

Zinali zaka zija tinkakhala mothithikana m'linga poopa nkhondo yochokera kumapiri. Nyumba zinali zogundana, moti munthu akatsokomola kwa mnzako umamva ngati ali pamphasa pako. Nthawi yomweyo sitima inali itayamba kuyenda panyanja, ndipo amuna ambiri a kwathu ankapita kukasenza katundu wa amalonda. Malipiro awo anali nsalu. Inu amene mwakula nsalu zitachuluka simungamvetse kuti nsalu inali chiyani masiku amenewo. Ambiri tinkavala chiwondo, nsalu ija yosula kuchokera ku khungwa la mtengo. Munthu wokhala ndi bafuta woyera kapena biliwita, nsalu ija yakuda, ankatha kukwatira naye, kugula mbuzi, ngakhale kuthetsa mlandu.

Kalizga anali munthu wamtali, wokonda kuseka, ndipo nsalu ankaikonda kwambiri. Ulendo uliwonse ankabwera ndi kanthu: lero bafuta, ulendo wina biliwita, kenako bulangeti lofiira ndi malaya a mabatani. Kumene ankayendako anaona nyumba zamakona, ndipo atabwera anamanga yotero, n'kudula chipinda ndi bango kuti tizigonamo. M'chipindamo anamanga nsanja yotsamira kukhoma. Pamwamba pake anaika bokosi la matabwa ndi mitanga, ndipo pambali anamanga chingwe chokolekapo zovala za tsiku ndi tsiku. Nsalu ankapinda yekha, akuimba. Koma kutaya chakale sankafuna. Ziwondo zathu zakutha, zikopa zimene ankavala ali mnyamata, zonse ankazikankhira pansi pa nsanja. Inenso ndinazolowera choncho.

Ulendo wake womaliza anapita kumpoto mvula isanayambe. Anzake anabwera okha. Anati iye anadwala malungo panjira n'kumwalira, ndipo anamuika komweko pansi pa mtengo. Chimene anandibweretsera ndi phukusi lake lomanga ndi luzi. Ndinalilandira ndi manja awiri, ndinalowa nalo m'chipinda, ndinaliika pansanja. Kulimasula ndinalephera. Mtembo wake sindinauone, manda ake sindinawaone, ndipo mumtima ndinkamva ngati ndikadula luzi lija ndiye kuti ndavomera kuti sadzabweranso.

Maliro atatha, abale ake anayenera kukhala pansi kuti agawane zinthu zake monga mwa mwambo. Ndinawapempha kuti adikire pang'ono, ndipo anavomera. Mwezi unatha, wina unatha, ine osawaitana. Sindinkafuna kuwamana. Kungoti ndikayandikira nsanja ija, ndinkatuluka osakhudza kanthu. Ndinasiya kusesa pansi pake, ndinasiyanso kuzira m'chipindamo. Chaka chomwecho mlongo wanga anasamukira kwina ndi banja lake, n'kundisiyira mitolo yawo kuti ndiwasungire, ndipo ndinaiponya pomwepo. Tinsalu timene Tamala anatikula, masanza, ngakhale ukonde wong'ambika wa Kalizga, zonse zinkangopita pamulu womwewo. Denga linayamba kudontha pamwamba pa nsanja, koma kuti munthu akonze panafunika kusuntha katundu, ndiye ndinalisiya. Fungo la nkhungu linadzaza nyumba. Makoswe ankathamanga m'mitolo ngakhale masana.

Mulu unakula mpaka unatilanda chipinda. Ine ndinkagona pafupi ndi khomo, Tamala ankayala kamphasa kake m'munsi mwenimweni mwa nsanja, chifukwa ankati akufuna kugona pafupi ndi zinthu za bambo ake. Anali kamtsikana kongoyamba kugula mano, kolongolola, kofanana ndi bambo ake pamaso. Ine ndinkayenda ndi nsalu imodzi yothaitha pamene nsalu zabwino zinali kuola m'nyumba. Amayi anzanga ankandiyang'ana kudambo kumene tinkaviika chinangwa, ndipo ndikafika nkhani zawo zinkatha.

Mvula ikutha, Tamala anagwidwa ndi malungo. Thupi linatentha ngati mbiya yochokera pamoto, mutu unkamuwawa, ankasanza, ndipo miyendo inkamuphwanya moti ndikamugwira ankalira. Patapita masiku anatuluka thukuta, n'kudzuka kupempha chakudya. Ndinati wachira. Anasewera panja pang'ono, kenako malungo anabweranso ndi mphamvu zomwe zija. Zinakhala choncho: kupola, kubwerera, kupola, kubwerera. Ndinamumwetsa mizu imene anandipatsa asing'anga. Ndinamubereka kumsana mpaka kumishoni ku Bandawe, kumene anatilandira bwino n'kutipatsa mankhwala owawa. Anapezako bwino, koma titabwerera kunyumba matenda anayambiranso. Mwana anatha thupi. Maso analowa, nthiti zinkawerengeka, ndipo kulongolola kuja kunatheratu.

Apo m'pamene mawu anayamba kuyenda m'linga. Anthu ankati m'chipinda cha Nyamhone muli kanthu, n'chifukwa chake salola munthu kulowamo. Ena ankati ndinadya mwamuna wanga kuti nditenge nsalu zake, ndipo tsopano ndikudya mwana. Atsibweni a Kalizga, amene anali wamkulu wa banja lawo, anandiitana pabwalo. Sanali munthu woipa. Anali atataya mwana wa mlongo wawo, ndipo tsopano ankaona mdzukulu akutha pamaso pawo. Anandiuza kuti banja lagwirizana kuti ndimwe mwavi. Mwavi ndi khungwa lija ankamwetsa munthu woganiziridwa ufiti: ukasanza ndiye kuti ulibe mlandu, ukapanda kusanza umafa. Ndinali nditaonapo anthu osalakwa akugwa nawo. Anati akungodikira munthu mmodzi, Nyamanda, mlongo wake wamkulu wa Kalizga, amene anakwatiwa ku Kande. Iye akafika, nkhani itha.

Nditamva dzina limeneli ndinadziwa kuti zanga zada. Alamu angawa sanandikondepo chilowereni m'banja lawo. Anali mayi wouma pakamwa, wosadziwa kuzungulira mawu. Tsiku loyamba kundiona ananena pamaso pa anthu kuti mlongo wawo wasankha mkazi wa manja ofewa. Kalizga anawakonda kwambiri, ndipo iwonso ankamuona ngati mwana wawo woyamba. Ndinkadziwa kuti pa anthu onse, amene adzagwire chikho cha mwavi ndi dzanja losanjenjemera ndi iwowo.

Masiku amenewo ndinali nditayamba kupita kumapemphero a Lamulungu ku Bandawe. Ndinkakhala kumbuyo, ndinali wosabatizidwa, ndipo zambiri zimene ankaphunzitsa zinkandidutsa. Chimene ndinagwira n'chakuti Chiuta sali kutali monga tinkaganizira, ndipo munthu wamba akhoza kulankhula naye popanda nsembe. Tsiku lina masana ndinapita kudambo kukavuula chinangwa. Kunalibe munthu. Ndinaima m'madzi ofika m'mawondo. Ndinagwada m'matope momwemo. Mawu okoma a pemphero sindinkawadziwa, ndinangolankhula monga ndikulankhulira ndi inu. Ndinati: Ada, Atate wanga, ngati mukumva, mukudziwa kuti mwamuna wanga sindinamuphe. Mwana uyu ndi yekhayo amene ndatsala naye. Ndikafa ndi mwavi, adzamupatsa madzi ndani? Sindikudziwa chimene chikumudya. Ndionetseni, kapena tumizani munthu amene angachione.

Kumwamba sikunamveke liwu lililonse. Ndinasenza chinangwa changa n'kubwerera kunyumba monga ndinapitira. Koma ndikukuuzani lero kuti pemphero lija linamveka, ndipo yankho lake linali kale m'bwato.

Nyamanda anafika pabwato mawa lake dzuwa lili paliwombo. Sanapite kwa atsibweni awo, anabwera molunjika kwa ine. Moni wanga anauyankha mwachidule, analowa m'nyumba, anagwada pamene panagona Tamala n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso mulu wa nsalu uja, anakwinya mphuno. Kenako anati agona momwemo, pafupi ndi mwana wa mlongo wawo. Ndinaganiza kuti akufuna kundigwira ndikuchita ufiti.

M'mawa kutacha anandiitanira panja. Anatambasula mikono yawo kuti ndione. Inali ndi zotupa zofiira, zakuda pakati, ndipo m'miyendo zinalinso chimodzimodzi. Ananyamula Tamala, anamutulutsa poyera, anamutembenuza msana. Zipsera zomwezo zinali ponseponse, zatsopano ndi zakale.

"Mlamu, izi mwayamba kuziona liti?" anandifunsa.

Ndinayankha kuti n'kale, koma ndinkayesa udzudzu.

"Udzudzu suluma chonchi. Izi ndi nkhufi."

Anandifotokozera kuti ali mtsikana anagwidwa ndi nkhondo n'kukakhala kumapiri zaka zingapo asanathawe, ndipo kumeneko anagonapo m'nyumba zakale zimene anthu ankaziopa chifukwa cha kachilombo kameneka. Kamabisala m'fumbi, m'ming'alu ya khoma ndi m'zinthu zimene sizisunthidwa. Kamatuluka munthu akagona, kamayamwa magazi n'kubwerera kobisala. Malungo ake amapita n'kubwerera, ndipo iwowo anadwalapo. Anati mwina tizilomboti tinabwera m'mitolo yochokera m'misasa ya panjira, n'kupeza nyumba yabwino pansi pa nsanja yanga.

"Mwavi udikire," anatero. "Tiyambe tatulutsa zonsezi."

Abale anga, mungaganize kuti ndinalumpha ndi chimwemwe. Ayi. Ndinaima pakhomo la chipinda n'kutambasula manja. Ndinawapempha kuti atulutse zina zonse koma za Kalizga asazikhudze. Ndinkalira ngati mwana. Iwo sanandikalipire. Anandiyang'ana m'maso n'kunena motsitsa mawu:

"Kalizga ndinamubereka kumsana ine, inu musanabadwe. Ngati ine ndingathe kugwira malaya ake, inunso mutha. Iye wapita, mlamu. Amene akupuma ndi uyu."

Ndinachoka pakhomo.

Choyamba tinasamutsa Tamala. Tinamusambitsa, tinamufunditsa nsalu ya alamu anga, tinakamugoneka kwa mayi wina woyandikana nafe amene anavomera kumulandira. Kenako tinayamba kutulutsa katundu. Tinkasenza mtolo umodziumodzi kupita nawo kunja kwa linga, pamiyala yafulati imene ili pafupi ndi madzi. Anthu anayamba kusonkhana. Aliyense ankafuna kuona chimene Nyamhone anabisa m'chipinda. Nyamanda sanawathamangitse. Anati aone, ndi bwino aone ndi maso awo.

Za pamwamba zinali zonyowa ndi zamawangamawanga, koma zinali nsalu ndithu. Titafika pakati, manyazi anandigwira. Bulangeti lofiira lija makoswe anali ataberekeramo. Bokosi titalinyamula, pansi pake panatsala pansanja, chifukwa chiswe chinali chitadya thabwa ndi nsalu zonse za m'munsi. Bafuta amene mwamuna wanga anamuvutikira, kusenza katundu mpaka mapewa kusupuka, ankangonyenyeka m'manja ngati masamba ouma. Ziwondo ndi zikopa za pansi pa nsanja zinali zitagwirana n'kukhala chinthu chimodzi chonunkha. Titachikoka, pansi panayamba kuyenda. Tizilombo totuwa, tafulati ngati njere, tinabalalika m'fumbi, tina kulowa m'ming'alu ya khoma, tina titatupa ndi magazi moti sitinkatha kuthamanga. Panali pamalo penipeni pamene mwana wanga ankaika mutu.

Nyamanda anawola fumbi lija ndi phale, anatuluka nalo, anapita pamene anaima atsibweni awo. Anatola kachilombo kamodzi kotupa, anakaika pamwala, anakaphwanya ndi chala. Pamwala panatsala dontho la magazi.

"Asibweni, mfiti yanu ndi iyi. Magazi awa ndi a mdzukulu wanu."

Mkuluyo anawerama n'kuyang'ana. Analowa m'chipinda yekha, anakhalamo kanthawi, anatuluka akukung'untha mapazi. Kenako anaitana ana ake aamuna n'kuwauza kuti akadule mitengo ndi udzu.

Ntchito yosankha ndi imene inandiwawa kwambiri. Ine chilichonse ndinkati tisunge kaye, mwina chidzagwira ntchito. Alamu anga mawu akuti "kaye" sankafuna kuwamva. Ankanyamula chinthu m'mwamba n'kundifunsa funso limodzi: ichi chiveka ndani? Ndikatchula dzina la munthu wamoyo, chinkapita mbali ya zochapa. Ndikakhala chete, chinkapita kumoto. Masanza, ziwondo zoola, zikopa, ukonde uja, zonse zinapita. Mitolo ya mlongo wanga tinaimasulanso, zabwino tinaziika pazokha kuti tidzamutumizire. Pa bulangeti anadula mbali imene makoswe sanafikeko, yotsalayo anaponya pamulu wotentha. Utsi utakwera, ndinaganiza kuti mtima wanga usweka. Koma ndinadabwa kuona kuti ndikupuma bwino kuposa mmene ndinapumira chaka chonsecho.

Amayi amene ankandinena kudambo aja anayamba kuyandikira mmodzimmodzi. Wina anabweretsa mtsuko waukulu, wina nkhuni, wina phulusa. Tinawiritsa madzi, tinaviikamo nsalu iliyonse imene inapulumuka, tinakazichapa kunyanja n'kuziyanika pamiyala yotentha. Miyala yonse inayera ndi bafuta, apo ndi apo biliwita, ndipo ana ankathamanga kuzungulira akuopa kuponda. Sindinkadziwa kuti nsalu zabwino zinatsala zochuluka choncho.

M'nyumba, amuna anagwetsa nsanja yakale n'kuitentha pamodzi ndi bango lodulira chipinda ndi mphasa zathu. Tinapala dothi la pansi n'kukalitaya kutali. Tinathira madzi owira m'ming'alu, tinamwaza phulusa lamoto, tinayatsa udzu pansi kuti utsi ulowe paliponse. Mawa lake tinamata khoma lonse ndi dothi latsopano, tinazira pansi mpaka posalala, ndipo ana a atsibweni anafolera denga pamene pankadontha. Sitinagonemo mpaka nyumba itauma.

Phukusi la Kalizga tinalisiya komaliza. Nyamanda anandipatsa mpeni kuti luzi ndidule ndekha. Tinakhala awiri pamwala, anthu atabalalika. M'katimo munali malaya ake amene anavala pochoka, akununkhirabe utsi wa m'misasa. Munali bafuta wa malipiro ake, wopindidwa mmene ankapindira iye. Pakati pa bafutayo panali kansalu ka maluwa ofiira, kochepa, kosakwanira munthu wamkulu. Sitinafunsane kuti kanali ka ndani. Pansi penipeni panali kachikopa kobayamo singano, ndi ulusi wokulunga pakamtengo. Kale ndinamuuzapo kuti ndimasirira amayi amene amaphunzira kusoka kumishoni, ndipo iye anangoseka. Sindinkadziwa kuti anasunga mawuwo.

Pamenepo m'pamene ndinamulira mwamuna wanga. Pamaliro paja ndinalira ndi pakamwa, koma apa ndinalira ndi thupi lonse. Alamu anga anakumbatira malaya aja n'kulira nane, mayi wouma uja, mpaka mawu anawathera. Titatha, anapukuta nkhope n'kunena kuti nazonso zipite m'madzi owira, chifukwa nkhufi sidziwa chisoni. Ndinaseka, koyamba chifikireni uthenga wa imfa.

Nyumba itauma tinakonza posungira zovala mwatsopano. Nsanja yatsopano inaima payokha, yosakhudza khoma, yaitali moti tsache limalowa pansi pake momasuka, ndipo m'munsi mwa miyendo yake tinathira phulusa. Bokosi analikhomera thabwa lina, ndipo munalowa nsalu zosunga zokha. Mtanga umodzi unali wa Tamala, wina wanga. Pachingwe pankakhala zovala zimene tikuvala masiku amenewo basi. Pansi pa nsanja Nyamanda analamula kuti pasadzakhale kanthu, ngakhale lichero. Anandiuzanso kuti mwezi ukaoneka ndizitulutsa zonse padzuwa, ndizisesa, ndizizira. Chipinda chimene tinkagona mopanikizana chija chinaoneka chachikulu ngati bwalo. Kuwala kunkalowa pakhomo n'kufika mpaka kukhoma la kumbuyo.

Zimene tinabweza m'nyumba zinali zochepa. Ndinaitana abale a Kalizga, ndipo tinagawa zinthu zake masana, pamaso pa onse, monga zinayenera kukhalira kalekale. Malaya aja ndinapatsa atsibweni ake. Gawo langa litadziwika, ndinaona kuti likadali lochuluka kuposa thupi limodzi. Masiku amenewo m'linga munali mabanja amene anathawa mudzi wawo utatenthedwa, ndipo anafika opanda kanthu. Amayi a m'mabanjamo ankachita manyazi kutuluka masana. Ndinang'amba bafuta n'kuwagawira. Mayi wina wokalamba ndinamupatsa chidutswa cha bulangeti chija. Atachifunda anagwira dzanja langa n'kungoti yewo, yewo, kuthokoza m'chilankhulo chakwathu. Ndinaganiza za miyezi yonse imene nsalu zimenezi zinkadyedwa ndi chiswe, anthu akugona ndi mphepo kuseri kwa khoma langa lomwe. Sindinadziimbe mlandu, chifukwa chisoni ndi matenda nachonso. Ndinangothokoza kuti zina zinapulumuka.

Za mwavi palibe anazitchulanso. Tsiku lina atsibweni anabwera ndi nsomba, anakhala pakhonde, anafunsa za mwana. Ponyamuka anati, "Mwana wanga, tinalankhula mopupuluma." Kwa munthu wamkulu wa masiku amenewo, mawu amenewa anali olemera. Ndinawomba m'manja n'kuwalandira.

Tamala sanachire tsiku limodzi. Titabwerera m'nyumba, malungo anabweranso kamodzi, ndipo mantha anandigwira kuti anthu ayambiranso kunena. Ndinagwada pambali pake n'kuuza Chiuta kuti wayamba ntchito, aimalize. Ulendo umenewu kutentha kunali kochepa, ndipo kunatha msanga. Ndinadikira kuti kubwerere. Mwezi unatha, wina unatha, osabwerera. Zipsera zinauma. Mwana anayamba kudya ngati akubweza masiku onse amene anagona ndi njala. Tsiku lina ndili kusinja chinangwa ndinamva mawu akulongolola kuseri kwa nyumba, akukangana ndi anzake pa masewera. Ndinasiya munsi n'kukhala pansi kumvetsera. Nyimbo yokoma kuposa imeneyo sindinaimvepo.

Lamulungu lina ndinamuveka kansalu ka maluwa ofiira kaja, inenso ndinavala biliwita watsopano, tinanyamuka kupita ku Bandawe. Njira imene ndinamubereka ali lende, anaiyenda ndi miyendo yake, akuthamangira kutsogolo n'kubwerera. Nyamanda anatiperekeza. Anati iwo za mapemphero alibe nazo ntchito, akungofuna kuona ngati kansaluko kakumukhala bwino mwanayo. Anakhala nane kumbuyo tsiku limenelo. Ulendo wina atabwera kudzationa anakhalanso. Ndikuuzeni kuti pa ife awiri, amene anayamba kubatizidwa ndi iwowo. Mpaka tsiku la imfa yawo tinali ngati obadwa mimba imodzi, ngakhale kuti manja anga sanasiye kuwatcha ofewa.

Singano zija zinatidyetsa. Ndinalowa m'gulu la amayi ophunzira kusoka, ndipo m'kupita kwa nthawi amuna obwera kuulendo ankandibweretsera bafuta wawo kuti ndiwasokere malaya, iwo n'kundipatsa nsomba, nkhuku, nthawi zina mbuzi. Tamala anakula, anakwatiwa, ali ndi ana ake. Mukalowa m'nyumba mwake mudzapeza pansi pa nsanja pali mbee, ndipo mwezi ukaoneka mudzaona zovala zake zonse zili padzuwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva mayi wosadziwa kupemphera, atagwada m'matope. Ndinapempha kuti anditumizire munthu, ndipo anatumiza amene ndinkamuopa kuposa onse. Ndikanakhala wosankha ndine, sindikanasankha Nyamanda. N'chifukwa chake ndikukulimbikitsani, inu amene mwapemphera ndipo mukuona ngati kuli zii: musafooke, ndipo amene wagogoda pakhomo panu musamubweze chifukwa cha nkhope yake. Pitirizani kupempha, pitirizani kudikira, ndipo thandizo likafika ndi ntchito yowawa, musaikane.

Ndikudziwanso kuti pakati panu pali ena amene anataya okondedwa awo, ndipo m'nyumba mwawo muli mtolo umene akuopa kuumasula. Sindikukudzudzulani, chifukwa ndikudziwa kulemera kwake. Koma musaumasule nokha, ndipo musadikire kuti chiswe chikumasulireni. Nditumizireni mawu. Miyendo yanga yakalamba koma ikuyendabe, ndipo ndidzabwera m'mamawa ndi tsache langa ndi mtsuko wowiritsira madzi. Ambuye akhale nanu nonse.